Chitumbuwa cha amphawi chidalowa bwanji m'lesitilanti?

Mumzinda wa Paris, likulu la dziko la France, muli kamsewu kena kotchedwa rue du Montparnasse. Kamsewuka si kotalika, munthu akhoza kukadutsa wapansi m'mphindi zochepa chabe, koma kali ndi malesitilanti ambiri ondondozana, ena oyang'anizana, ndipo ochuluka mwa iwo amagulitsa chakudya chimodzimodzi. Chakudyacho si nyama yootcha kapena nkhuku ya tchipisi ayi. Ndi chitumbuwa chopyapyala ngati mpango, chotambalala ngati kalichero, chomwe eni ake amachitcha crêpe. Nyumba yodyeramo chitumbuwachi amaitcha crêperie, ndipo madzulo pakhomo pa zina mwa nyumbazi pamakhala mzere wa anthu odikira kuti mpando upezeke.

Mwina ena mwa inu awerengi mwayamba kale kudandaula kuti tsamba lino lasowa nkhani. Ife a pa Mponela, pa Luchenza kapena pa Jenda, mitu ili pa feteleza ndi fizi ya ana, zitumbuwa za Azungu zitithandiza chiyani? Dekhani pang'ono. Sindikufuna kuti muyambe kukazinga crêpe, ndipo sindikunena kuti zakunja ndizo zokoma. Mfundo yanga ndi yakuti crêperie ndi umboni woti chakudya chakumudzi, chija timachibisa kukabwera alendo, chikhoza kutulutsa banja lonse m'nyumba kukakhala patebulo n'kulipira mosanyinyirika. Eni malesitilanti a m'matauni mwathu, ngakhalenso ife odyafe, tikadachita bwino kuimva nkhaniyi mpaka kumapeto, chifukwa ili ndi kokoma kwake komanso chenjezo lake.

Tiyeni tilowe kaye. Crêperie yeniyeni sikhala yaikulu. Zambiri ndi kachipinda kamodzi, matebulo athabwa oyandikana kwambiri mwakuti ukatambasula chigongono umagunda mnzako wa tebulo lina. Pakhoma pamakhala mbale zadothi zojambulidwa maluwa, zithunzi za maboti ndi nyanja, mwinanso mbendera ya mizere yakuda ndi yoyera ya chigawo cha Brittany, kumadzulo kwa France, komwe kuli kwawo kwa chakudyachi. M'nyengo yozizira, kunja kukuchita chisanu cholowa m'mafupa, mkatimo mumakhala mofunda ndipo mumanunkhira batala wosungunuka. Kawirikawiri mulibe wailesi yosokosa, anthu amamvana akamacheza. Simufunika jekete kapena tayi kuti akulandireni. Mumapezeka agogo ndi zidzukulu zawo, ana a sukulu zaukachenjede omwe m'thumba mulibe zambiri, ndi anyamata omwe atulutsa chibwenzi koyamba.

Chuma chonse cha nyumbayi chili pa chiwaya. Eni ake, m'chinenero chawo cha Chibretoni, amachitcha billig. Ndi chitsulo chozungulira, chopanda milomo, chotambalala pafupifupi masentimita 40, chomwe amachitenthetsa kufika madigiri 200 kapena kupitirira. M'malo ambiri chiwayachi chimakhala poonekera, ndiye wodya amaona zonse. Wophika amachipukuta ndi kansalu kamafuta, n'kutunga phala la ufa, kuthira pakati, kenaka n'kuliyala mozungulira ndi kamtengo kooneka ngati kakhasu kotchedwa rozell. Dzanja limazungulira kamodzi kapena kawiri basi. Akachedwa, phala limauma lisanafike m'mbali, akapupuluma, limang'ambika. Ndi luso lofanana ndi la mayi wodziwa kuvundula nsima ya pamaliro: ukamaonerera umayesa n'zophweka, koma ukagwira wekha mthiko ndi pomwe umadziwa kuti pamafunika sukulu. Ndipo sukuluzo zilikodi. Ku Brittany kuli malo ophunzitsa ntchito imeneyi yokha.

Zitumbuwazi zili mitundu iwiri, ndipo mlendo asasokoneze. Choyamba ndi galette, chakuderako, chophikidwa ndi ufa wa mbewu yotchedwa sarrasin, madzi ndi mchere. Ichi ndiye chakudya chenicheni, tinene kuti nsima yake. Chodziwika kwambiri amachitcha complète. Chitumbuwa chili pachiwaya pomwepo, wophika amaswerapo dzira, kuwazapo tchizi, kuyalapo kanyama kankhumba kopyapyala, n'kupinda mbali zonse zinayi kuti pakati patsale kawindo koonetsa kachikasu ka dzira. Amene sadya nkhumba amaitanitsa cha bowa, cha anyezi, cha sipinachi kapena cha nsomba. Chachiwiri ndi crêpe ya ufa wa tirigu, mkaka ndi mazira, yotsekemera, yotsitsira kumapeto. Ena amaikamo chokoleti, uchi kapena zipatso, koma odziwa kudya amati wophika waluso umamuyesera pa crêpe ya batala ndi shuga basi, poti pamenepo alibe pobisala.

Abretoni eni ake amakangana pa mayinawa. A kum'mawa, cha ku Rennes, amati chakudacho ndi galette ndipo amachikonda chofewa. A kumadzulo, cha ku Quimper ndi Brest, zonse amangoti crêpe, kapena krampouezh m'chinenero chawo, ndipo ambiri amafuna chopyapyala kwambiri, chouma m'mbali moti chimalira ukachiluma. Mkanganowu uli ngati wathu wa mgaiwa ndi ufa woyera, sudzatha.

Chotsitsira chake si fanta. Akuluakulu amamwa cidre, chakumwa cha maapozi chowira pang'ono, chomwe amathira m'kabakuli kadothi osati m'tambula. Ukali wake ndi wochepa poyerekeza ndi vinyo, komabe ndi mowa ndithu, choncho ana ndi osamwa amapatsidwa madzi a maapozi osasasa. Palinso lait ribot, mkaka wosasa womwe kale unkatsala akapanga batala. Alimi akale ankanyenyera galette m'mkakawu n'kumadya ndi supuni. Munthu wa ku Mzimba kapena ku Rumphi yemwe adakulira nsima ya chambiko sangadabwe nazo zimenezi.

Kunena chilungamo, Mmalawi wozolowera mitanda itatu akhoza kumaliza galette yake n'kumayang'anabe kukhitchini kuti chakudya chenicheni chibwera nthawi yanji. Chimodzi sichilemera m'mimba. N'chifukwa chake ambiri amadya galette kenaka crêpe, anjala mpaka ziwiriziwiri. Komabe pa malo onse okhala pansi n'kudya ku France, crêperie ili m'gulu la otsika mtengo. Madzi apampopi amabwera m'jagi kwaulere kwa aliyense amene waitanitsa chakudya, monga malamulo a dzikolo amanenera, ndipo mtengo wolembedwa pa menyu ndi womwewo umene mulipire, ya woperekera zakudya ili momwemo.

Tsono chakudyachi sichidabadwire m'lesitilanti. Sarrasin, yemwe Afalansa amamutchanso blé noir, kutanthauza tirigu wakuda, si tirigu n'komwe. Ndi mbewu ya timaluwa toyera ndi tinjere tangodya zitatu, ndipo kwawo kwenikweni ndi ku China. Adafika ku Brittany cha m'zaka za m'ma 1400. Dothi la chigawochi m'madera ambiri lidali losauka, la asidi, lomwe tirigu weniweni ankalikana. Sarrasin sadandaula nazo zimenezo. Amamera panthaka yoguga, safuna manyowa ambiri, amakula msanga n'kuphimba udzu, ndipo pakatha miyezi itatu kapena kupitirira pang'ono mlimi amakolola. Vuto lake n'lakuti ufa wake sufufuma, sungaphike nawo buledi wooneka. Ndiye amayi akumudzi adapeza nzeru younyika m'madzi, kuupuntha ndi manja n'kuuyala pachiwaya. Olemera ankadya buledi woyera, amphawi n'kumadya chitumbuwa chakuda chija kapena phala.

Tchizi ndi nyama zomwe tikuona lerozi kudalibe. Munthu ankadya chitumbuwa ndi kabatala, tsiku labwino n'kuswerapo dzira. M'mabanja ambiri tsiku lake lidali Lachisanu, pomwe Akatolika sankadya nyama. Batala wake adali wamchere, ndipo mpaka lero Mbretoni batala wopanda mchere amamuona ngati ndiwo zosakolera. Chifukwa chake n'chakuti m'nthawi ya mafumu, madera ambiri a France ankalipira msonkho wowawa wa mchere wotchedwa gabelle, pomwe Brittany sankalipira, komanso mcherewo ankaupanga okha m'mphepete mwa nyanja cha ku Guérande.

Odya chakudyachi ankanyozedwa koopsa. Njanji itafika ku Brest mu 1865, achinyamata ambiri a ku Brittany adayamba kukwera sitima kupita ku Paris kukasaka ntchito, atsikana ochuluka kukagwira ya m'nyumba za mabwana. Sitima zakwawoko zinkaima pa siteshoni ya Montparnasse, ndipo ambiri atatsika ndi timitolo tawo sadapite patali, adapeza pogona m'makwalala oyandikana ndi siteshoniyo. Ndicho chifukwa chake dera limeneli lidadzaza ndi ma crêperie. A mumzinda ankawaseka. Mu 1905 m'magazini ina ya ana mudatuluka katuni ya Bécassine, mtsikana wantchito wa ku Brittany wojambulidwa ngati mbuli, ndipo katuniyo idatchuka kwa zaka zambiri. Ngakhale liwu lachipongwe lakuti plouc, lomwe lili ngati ife tikamati "wachimidzi", akuti lidachokera ku mayina a midzi ya ku Brittany, yomwe yambiri imayamba ndi Plou. Kusukulu, mwana akayankhula Chibretoni ankamukoleka kachinthu m'khosi kuti anzake amuseke. Amene mudaphunzira m'sukulu zomwe kuyankhula Chichewa kapena Chitumbuka udali mlandu mukudziwa kuwawa kwake.

Zinthu zidatembenuka pang'onopang'ono. Mu 1936 boma la France lidakhazikitsa lamulo lopatsa antchito tchuthi cholipidwa cha masabata awiri pachaka, ndipo anthu wamba adayamba kupita kunyanja kukapuma. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, magombe a Brittany adayamba kudzaza ndi alendo, ndipo mlendo amayenda ndi mimba yake. Amayi omwe kale ankaphika zitumbuwa m'misika ndi m'makhitchini mwawo adayala matebulo ndi mipando. Mu 1949 mkulu wina wa ku Pouldreuzic, Jean-Marie Bosser, adapanga chiwaya choyendera gasi, chomwe chidakhala chiyambi cha kampani ya Krampouz. Kuyambira pamenepo wophika sadafunikenso kuweramira pamoto wankhuni, utsi uli m'maso. Adatha kuimirira m'chipinda chaukhondo, makasitomala akuona.

Lero crêperie idafalikira ngakhale kunja kwa France. Mbretoni wina, Bertrand Larcher, adatsegula yake ku Tokyo mu 1996, m'dziko lomwe anthu ake amadya kale sarrasin m'chakudya chawo chonga supageti chotchedwa soba. Pambuyo pake adabwerera kwawo n'kutsegula malesitilanti a Breizh Café ku Cancale ndi ku Paris. Ku Rennes nako, galette yokulunga soseji yootcha ndiye kanyenya wawo. Amadyera chiimirire pamsika wa Lices Loweruka m'mawa komanso kubwalo la mpira timu ya Stade Rennais ikamasewera pakhomo.

Chomwe ndikufuna tione ndi ichi. Anthuwa sadataye chakudya chawo kuti a mumzinda asiye kuwaseka. Ufa ndi womwe uja, madzi ndi mchere ndi zomwe zija. Adangowonjezapo dzira, tchizi ndi ukhondo, n'kuika mtengo woti mphunzitsi kapena kalaliki akhoza kubwera ndi ana ake osagulitsa njinga. Adasankhanso kuphika chinthu chimodzi n'kuchidziwa bwino, mmalo mothamangira zakudya khumi zonse n'kupsereza.

Tsopano tibwerere kwathu kuno. Lowani m'lesitilanti ya padepoti, kuyambira ku Karonga mpaka ku Nsanje. Pabolodi palembedwa zomwezomwezo: nsima ya nkhuku, nsima ya ng'ombe, mpunga wa nkhuku, mpunga wa ng'ombe, tchipisi. Pambali kakabichi kosuluka, kophikidwa m'mawa. Mukafunsa nkhwani wotendera, mtsikana woperekera amakuyang'anani ngati mwamutukwana. Futali, mkate wa nthochi wophikidwa m'masamba, chigumu, thelere la denje, nyemba za mumphika wadothi, zonsezi timati n'zakunyumba, sizoyenera kutulutsira ndalama. Zitumbuwa zathu za nthochi ndi mgaiwa zimathera m'beseni pageti la sukulu zitafundidwa chitenje, ndipo ndi ochepa amene adaganizapo zozipatsa mbale, mpando ndi kapu ya tiyi wa ku Thyolo.

Sikuti ozifuna kulibe. Taonani amayi ophika m'misasa mu Blantyre ndi mu Lilongwe, omwe masana amadyetsa ogwira ntchito m'maofesi. Mabwana a matayi amasiya mahotela n'kukapanikizana pabenchi kaamba ka nkhuku yachikuda, thelere ndi mgaiwa. Woyenda ku Nkhata Bay kapena ku Nkhotakota amafunsa kondowole asanafunse pogona. Msika ulipo. Chomwe chikusowa ndi munthu woti achitenge chakudyachi mwaulemu, achipatse nyumba yabwino yoti munthu angabweretsemo apongozi ake.

Mu 2010 bungwe la UNESCO lidalemba kadyedwe ka Afalansa, kaja kokhala pamodzi patebulo nthawi yaitali pakakhala chikondwerero, m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu a dziko lapansi. Mu 2017 bungwe lomwelo lidalemba nsima ya ku Malawi m'kaundula yemweyo. Papepala tili pamzere umodzi ndi iwowo. Koma Mfalansa akalandira mlendo wolemekezeka amanyadira kumupititsa kukadya chitumbuwa cha agogo ake, pomwe ife timathamangira kukagula mpunga, mayonezi ndi zakumwa zam'mabotolo, thobwa n'kulibisa kuchipinda.

Nkhani ya chiwaya chapoyera nayo tisaipeputse. Chifukwa china chomwe amayi ambiri amakanira chakudya cham'lesitilanti n'chakuti sadziwa zomwe zikuchitika kuseri kwa katani. Nyamayo yagona masiku angati? Mbale azitsuka ndi madzi otani? Ali ndi chifukwa choopera. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo amene adaika maliro nthawi imeneyo sadye mwachisawawa. Anyamata apachiwaya cha tchipisi adaidziwa kale nzeru imeneyi ngakhale sadaponde ku France. Timawagula chifukwa mbatata akusenda tikuona, akukazinga tikuona, ndipo chotuluka m'mafuta owira chimafika m'manja chikadali chamoto. Chomwe alibe ndi denga, mpando, madzi osamba m'manja ndi mafuta osinthidwa pa nthawi yake. Crêperie ndi chiwaya chomwecho chitapatsidwa zinthu zimenezi. Palibe chophikidwa dzulo, chilichonse chimayamba munthu akaitanitsa, ndipo pakatha mphindi zochepa chili patebulo.

Koma chomwe chimandiwawa kwambiri ndi funso lakuti kodi m'malesitilanti mwathu amadyamo ndani? Pitani pa lesitilanti ya paboma tsiku la malipiro muwerenge mitu. Mupeza abambo okhaokha: madalaivala, mavenda, akalaliki, ena ongotsika basi. Bambo amadya nkhuku yekha masana, n'kupukuta pakamwa bwinobwino, madzulo n'kukadandaula kunyumba kuti ndiwo zachepa mafuta. Mayi amene wakhala akupemerera moto chaka chonse sadakhalepo pampando kuti wina amuikire chakudya. Ana amadziwa lesitilanti ngati malo ongodutsa pakhomo n'kumva kafungo. Ndipo sindiwadzudzula amayi akamakana kupitako, chifukwa malo athu ambiri ali khomo limodzi ndi bala kapena resitihausi. Mayi wapabanja akaoneka akutuluka kumeneko, mawa nkhani ili ponseponse pamjigo ndi kuchigayo. Wochita bizinesi amene adzatsegule kanyumba koyera, kotalikirana ndi mowa, kokhala ndi mipando yoti ana akwanepo, adzapeza makasitomala omwe anzake onse sadawaonepo.

Ndikudziwa yankho la ambiri: ndalama zake ziti? N'zoona, ndipo sindingauze banja lomwe likugona ndi njala kuti likadye kulesitilanti. Koma tisanamizane. M'matauni mwathu muli mabanja ambiri omwe bambo amasiya pabala Loweruka limodzi ndalama zokwanira kudyetsa mkazi ndi ana anayi nkhomaliro yabwino. Alipo amene amapeza ya mayunitsi, ya kubetcha mpira, ya suti ya ukwati wa mnzawo. Kutuluka kamodzi pa miyezi itatu, mwana akakhoza mayeso kapena fodya akagulidwa bwino, si kumene kungagwetse nyumba. Ndipo ngati chakudyacho n'chathu, ndalamayo siipita kutali. Imatsala kwa mayi wophika, kwa wogulitsa tomato, kwa mlimi wa mtedza wosinjira nsinjiro.

Ena amati mwamuna wotengera banja kulesitilanti akunyoza maphikidwe a mkazi wake. Afalansa amadziwa kuphika crêpe kunyumba, pafupifupi khomo lililonse. Pa 2 February, tsiku lomwe amalitcha Chandeleur, pomwe mpingo umakumbukira kuperekedwa kwa mwana Yesu m'kachisi patatha masiku 40 chibadwire, mabanja amakazinga okha. Ana amapikisana kuponya chitumbuwa m'mwamba kuti chitembenuke n'kugweranso m'kachiwaya kam'manja, dzanja lina litafumbata khobidi, poti mwambo umati ukakwanitsa, ndalama sizikuthawa chaka chonse. Komabe anthu omwewo amapita ku crêperie. Sapita chifukwa choti kunyumba kulibe wodziwa kuphika. Amapitira kuti tsiku limenelo pasakhale wotsuka mbale, pasakhale wodya anzake atamaliza, aliyense akhale pansi nthawi imodzi.

Sikuti za kumeneko zonse n'zoyera. Kumalo kodzaza alendo odzaona malo kuli ena amene amagula zitumbuwa zopangidwa kale kufakitale, n'kungozitenthetsa, mtengo n'kuukweza. Mchitidwe wotere m'malesitilanti a mitundu yonse udafika poti mu 2014 boma la France lidakhazikitsa chizindikiro cha fait maison, kutanthauza chophikidwa pompano, kuti wodya adziwe chomwe akulipira. Wakuba ali paliponse, ngakhale kumene kumanunkhira batala.

Chenjezo lalikulu, komabe, lili kumunda. Pomwe ma crêperie ankachuluka m'matauni, mbewu yake idali ikutha m'midzi. Nkhondo itatha kudabwera feteleza, laimu ndi mathirakitala, ndipo dothi lomwe kale linkakana tirigu lidayamba kumulola. Alimi a ku Brittany adatembenukira ku ng'ombe zamkaka, nkhumba ndi nkhuku, ndipo minda adaidzaza ndi mbewu zodyetsa ziweto, makamaka chimanga. Sarrasin, amene zokolola zake n'zochepa pa ekala, adaoneka ngati mbewu ya agogo yotayitsa nthawi. Pofika m'zaka za m'ma 1980 adali atatsala pang'ono kuzimiririka m'chigawo chomwe adachidyetsa kwa zaka mazanamazana. Zotsatira zake n'zoseketsa komanso zomvetsa chisoni: kwa zaka zambiri, gawo lalikulu la ufa wophikira chakudya chonyaditsa cha Abretoni lakhala likuchokera kunja, ku China ndi maiko a kum'mawa kwa Ulaya. Mlendo amakhala pansi pa mbendera ya Brittany, kumwera m'kabakuli ka ku Brittany, n'kudya ufa womwe wabwera pa sitima yapamadzi.

Atazindikira, alimi ndi eni zigayo adakhazikitsa bungwe la Blé Noir Tradition Bretagne mu 1987 kuti abwezeretse mbewuyi m'minda. Mu 2010 ufa wawo udalandira chizindikiro cha bungwe la European Union chotetezera dzina, kutanthauza kuti munthu sangalembe pathumba kuti ndi ufa wa sarrasin wa ku Brittany ngati sudalimidwe ndi kugayidwa komweko. Minda idayambanso kuyera ndi maluwa, alimi a njuchi nawo n'kupezerapo uchi. Koma onani kutalika kwa ulendowo: zaka 23 kuchokera pokhazikitsa bungwe kufika polandira chizindikiro, ndipo ufa wakunja sudasiye kubwera.

Nkhaniyi isatidutse ngati ya eni ake. Chimanga chomwe chidathandiza kuthamangitsa sarrasin ku Brittany ndi chomwechi chidakankhira pambali mapira, mawere ndi mchewere kwathu kuno. Chidachokera ku America, ndipo makolo athu asadachidziwe ankadya nsima ya mbewu zinazi. Lero mapira adatsalira makamaka ku Chikwawa ndi ku Nsanje, mawere timangowakumbuka pofuna chimera cha thobwa. Ndondomeko za zipangizo zaulimi zotsika mtengo, kuyambira ija ya mu 2005, zakhala zikulunjika kwambiri pa chimanga. Mvula ikadula, monga idachitira mu 2024, dziko lonse limagwira mutu, pomwe mbewu zopirira chilala zili m'manja mwa agogo ochepa omwe akusungabe m'zikwatu ndi m'mitsuko.

Ndiye wina akamva nkhani ya crêperie n'kuthamangira kukagula thumba la fulawa kuti ayambe kukazinga zikondamoyo zachizungu, ndiye kuti sadamve. Tirigu wolimidwa m'dziko muno, cha ku Neno ndi ku Tsangano, ndi wochepa kwambiri, pafupifupi yense amene timadya timachita kuitanitsa kunja. Tidaona mu 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba, kwacha n'kugwa ndi 25 peresenti mu May chaka chomwecho, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Buledi adakwera, mandasi adayamba kuchepa thupi mpaka kufanana ndi dzira la nkhunda. Bizinesi yomangidwa pa fulawa imayendera mtengo wa dola. Ya nthochi, mbatata, chinangwa, mtedza ndi mawere imayendera mvula ndi khasu la mnansi wako.

Ma crêperie ena ku Brittany amalemba pa menyu dzina la chigayo chomwe chidagaya ufa wawo ndi la mlimi amene adapanga cidre, ndipo odya amalolera kuwonjezerapo kangachepe chifukwa cha dzinalo. Izi kwa ife si zachilendo kwenikweni. Mpunga wa Kilombero wa ku Karonga timaufunsa ndi dzina, timalipira mtengo woposa wa mpunga wina, ndipo popeza mavenda ena amausakaniza, mayi wodziwa kugula amatapa kaye pang'ono m'dzanja n'kununkhiza asanamasule mfundo ya chitenje.